Voti Imene Apongozi Sanaponye

Ine ndine munthu wa nthungululu. Kwathu ku Domasi kukakhala ukwati, kukakhala chinamwali, mwana akabadwa, ankati kamuitaneni wa pakhosi uja. Ngakhale kuno ku Dublin, kumene mvula yake siidziwa kugwa n'kusiya, pakhosi panga sipanachite dzimbiri. Koma nyimbo iyi ndiyimba chapansipansi, chifukwa ndi ya mdzukulu wanga ndi m'mene anandichokera m'manja.

Kuno ndinabwera kudzalera. Mwana wanga wamkazi ndi nesi, ndipo nthawi imeneyo ankagwira ntchito pa chipatala chachikulu cha ku Beaumont. Atachira anandiimbira foni, amvekere amayi bwerani, mashifiti andipha. Ndinabwera, ndinapeza kakhanda kakakazi, kofiira, tsitsi lake lofewa ngati ndevu za chimanga. Kusambitsa ndine, phala ndine, kumbuyo ndine. Ndinkakabereka ndi chitenje pamwamba pa jekete, anthu pa siteji ya basi n'kumatembenuka, ine osalabada, mwana ali m'tulo. Atakulako ndinkamutcha mkazi mnzanga, monga timachitira kwathu, iye n'kumakwiya kuti sanakwatiwe ndi aliyense. Chichewa ankamva chonse, koma ankayankha m'Chingerezi, kupatula akafuna mandasi. Pamenepo ndiye agogo inu, agogo inu, lilime lowongoka bwinobwino.

Chimene ndinkafuna chinali chimodzi. Ndinkafuna kuti tsiku limene mwanayu adzakule ndidzakhalepo, ndidzamukhazike pansi ine mwini, ndimulange ndi mawu amene mayi sanganene kwa mwana wobereka yekha. Imeneyo ndi ntchito ya gogo. Zina zonse za kuno, kuzizira, mdima wofika dzuwa likadafunika, kusowa wocheza naye, ndinkazipirira chifukwa cha tsiku limenelo.

Bambo ake a mwanayu ndi Msikoti, munthu wamtali, woika magetsi m'nyumba zikuluzikulu zimene ankamanga m'tauni. Anakumana ndi mwana wanga konkuno. Ndi mkamwini wanga, ndipo mwa mwambo ndimawatchula kuti apongozi. Nditamva koyamba kuti kwawo ndi ku Scotland ndinavina, chifukwa ine ndinabatizidwa mu mpingo umene anabweretsa Asikoti, belu lawo ndi limene linkatidzutsa Lamulungu. Ndinati awa ndi athu omwe, ndiwapatsa ulemu wonse wosachotsera.

Ulemu wake ndi uwu. Kwathu mayi sadyera pamodzi ndi mwamuna wa mwana wake, samuyang'ana m'maso, sakhala naye pamphasa imodzi. Mukakumana panjira, wina amapatukira kutchire. Koma nyumba ya ku Beaumont inali yopanikiza, tchire munalibe. Iwo akamatsika masitepe, ine ndinkalowa m'bafa n'kudikira kuti adutse. Akalowa m'khitchini, ine ndi mbale yanga ulendo wa kuchipinda. Moni ndinkawapatsa ndili kuseri kwa chitseko, m'manja ndikuwomba. Malaya awo ndinkasita mpaka kolala kuima yokha, koma nkhope yawo ndinkaidziwira pa chithunzi cha ukwati chimene chinali pakhoma.

Mwana wanga anawafotokozera poyamba pomwe kuti ndi mwambo. Anaseka, akuti zidzatha zokha ndikazolowera. Zaka zinapita, sizinathe, ndipo iwo anasiya kuseka. Ine sindinaone kuti asiya, poti munthu amene sumuyang'ana sungamuone zimenezo.

Ndiye kunabwera chaka cha voti, 2014. Pa zenera loyang'ana kumsewu panamatidwa pepala la buluu la zilembo zitatu. Ine sukulu ndinalekera pafupi, koma zitatuzo ndinazigwira, zinkati inde m'Chingerezi. Madzulo alionse kanema ankangoonetsa azungu akulozana zala, uyu za mafuta a pansi pa nyanja, uyu za ndalama imene azidzagulira buledi, uyu za penshoni ya nkhalamba. Apongozi ankamuyankha kanemayo ngati akuwamva. Akatero ankaimbira mkulu wawo kwawoko, amene anali wa ayi, n'kumakalipirana mpaka mwana kutseka makutu.

Ndinafunsa mwana wanga kuti kwagwanji. Anati Asikoti ena akufuna kudzilamulira, achoke kwa Angerezi, ena akuti tikhale momwemu, ndiye afunsidwa onse, inde kapena ayi.

Ndinaika chipande pansi. Ndinati kodi nawonso ali m'Chitaganya? Ine ndinali kamtsikana pamene ife tinkalandira ufulu. Ndimakumbukira fumbi, ndimakumbukira amayi atavula mpango n'kumaukupiza m'mwamba, ndi bambo anga, munthu wosamwa, atakhala pa chitsa akulira ngati aledzera. Bambo ankanena kuti pokana Chitaganya abusa ena a Chisikoti anali mbali yathu. Tsono lero eni akewo akufuna kutuluka m'chawo. Ndinavina m'khitchini mopanikiza muja, mdzukulu wanga atandigwira chitenje, tonse tikuimba kanyimbo kopeka pompo: atuluke, atuluke, mwana wakula amange yake. Apongozi anasuzumira pakhomo nkhope itawala. Ine kungowaona, nyimbo zii, n'kutembenukira kukhoma. Anaima pang'ono, kenako ndinamva mapazi akubwerera.

Chimene chinkawadya kwambiri n'chakuti iwo voti analibe. Lamulo linkati aponye amene akukhala m'dzikomo, osati obadwiramo amene ali kunja. Munthu mchombo wake unagwera komweko, makolo ake anagona komweko, koma tsiku la kufunsidwa iye woonerera.

Tsiku lina masana, mwana wanga ali pa ofu, tinkapinda zochapa pa bedi panga.

"Amayi, pali nkhani. A inde akapambana, bambo ake akuti tisamukire kwawo. Akuti dziko latsopano lifuna manja."

"Tipita liti?" ndinatero ine, thaulo lili m'manja.

Anafunafuna mnzake wa sokosi amene anali pamaso pake pomwe.

"Mapepala anu ndi a dziko lino, amayi. Uko ndi kwina. Kuti munthu wamkulu akakhale, khomo lake n'lopapatiza."

"Nanga mwana alera ndani?"

"Wakula, ali pa sukulu. Akuti inu mukhoza kukhala kwa achimwene ku Crumlin. Akuti mwina mukapumako, poti muno simumasuka."

"Sindimasuka bwanji?"

"Akuti simuwafuna. Akuti zaka zonsezi munthu osamwa nawe ngakhale tiyi."

"Iwe sunawauze?"

"Ndinawauza, ndatopa n'kuwauza. Akuti ulemu wanji wothawa munthu ngati ali ndi mphere. Lankhulani nawo nokha, amayi, ngakhale mawu awiri."

Ndinati zimenezo ayi, sindinabadwe dzulo. Nkhani yotere ili ndi njira yake. Kwathu mwamuna amakhala kuchikazi, ndipo ana ndi a mbumba ya mayi. Akafuna kutenga mkazi ndi ana kupita nawo kwawo, chimene timati chitengwa, sangonyamuka ngati wakuba mbuzi. Amapempha. Amatuma munthu kwa eni mbumba, anthu amakhala pansi, aliyense amaika mawu ake. Ndinati apongozi ndi munthu waulemu, adzapempha, ndipo podzapemphapo ine ndidzanena zanga kudzera mwa mwana wanga wamwamuna wa ku Crumlin uja, poti ndiye malume a mwanayo. Ndinayamba kudikira.

Loweruka ndinakwera basi kupita ku Moore Street kukagula ufa ndi matemba. Mu shopu ndinapeza mnzanga wa ku Chipata, mayi wokolopa m'maofesi, wa pakamwa posatseka.

"Mwaonda, amake nesi. Mudwala, olo ni voti ya eni ake?"

Ndinamuuza zonse, titaima pakati pa matumba a mpunga.

"Manje imwe mupempherera chani, inde olo ayi?"

Ndinati sindikudziwa. Pakamwa pakuti inde, m'mimba mukuti ayi.

Anaseka mpaka kugwira shelefu. "Mwana wa mulongo wanga ali pa sukulu kwamene kuja ku Scotland. Wakuda bii, anafika dzana, koma voti ali nayo. Nimutumire foni akuponyereni ayi?"

"Usandichimwitse, iwe."

"Kambani naye mukamwini wanu. Ni muzungu uja, sazabwera kuzapempha. Muzayembekeza mpaka mano kusila."

"Anakwatira kwathu, adziwa."

"Aziwira kuti? Ku sukulu ya magetsi?"

Ndinamuuza kuti a ku Chipata mwambo munasinthanitsa ndi kapenta, iye anati a ku Zomba mudzafa ndi ludzu mutagwada m'madzi, ndipo tinagawana matemba n'kusiyana. Pobwerera m'basi ndinayesa kupemphera, koma pemphero linkangoima pakati. Ndingapemphe bwanji kuti anthu akanizidwe chimene ine ndinachivinira? Ndingapemphenso bwanji kuti apambane, mwana anditengere? Ndinangoti Ambuye, inu mukuona.

Voti itaponyedwa, zotsatira tinazimva m'mawa mwake. Ndinatsika masitepe nyumba ili zii, kanema akulankhula yekha chapansipansi. Chitseko cha pabalaza chinali chotsegula. Apongozi anali pa sofa ndi zovala za dzulo, zigongono pa mawondo, manja atalendewera ngati si awo. A ayi anali atapambana. Mumtima ndinati mwana sapita. Koma kuona munthu wamkulu atafota chotero, ndinati awa ndi maliro, ndipo maliro sathawidwa.

Kwathu ukapita kukakhuza sufunsa mafunso, sulalikira. Umafika, umakhala pansi, umakhala chete pamodzi ndi namfedwa, kukhala kwakoko ndiye mawu. Ndinamanga chitenje bwinobwino, ndinalowa pabalaza, koyamba chibwerereni kulowa iwo alimo, n'kukhala pansi pafupi ndi chitseko, miyendo tambalale, mutu pansi. Kuchoka pa masitepe kufika pamenepo unali ulendo wautali kuposa wa ndege uja.

Tinakhala. Ndinkamva maso awo ali pa ine, akudikira. Ananena kanthu m'Chingerezi, mofatsa, ine ndinangogwedeza mutu osadzutsa nkhope, monga zimayenera. Tinakhalanso. Kenako anaimirira, anandilambalala, n'kutuluka panja opanda jekete, mvula ikuwaza.

Mwana wanga pofika kuchokera ku ntchito anandipeza ndikadali pompo.

"Amayi, pansi mukutani?"

"Ndikukhuza."

Anatseka maso, n'kutsamira khoma ndi chikwama chake. Madzulo ake, atalankhula ndi amuna ake, anabwera kuchipinda kwanga.

"Akuti munabwera kudzawaonerera. Akuti ngakhale lero, pepani yekha wakukanikani."

Ndinali nditapereka chachikulu chimene ndinali nacho, iwo n'kulandira chipongwe.

Miyezi yotsatira nyumba inazizira kuposa kunja. Pepala la buluu linakhalabe pa zenera mpaka linayera, mwana wanga n'kulimatula yekha. Kanema wa nkhani sankatsegulidwanso. Mkulu wawo uja akaimba, foni inkangolira mpaka kutopa. Apongozi ankapita ku ntchito, kubwera, kudya, kugona. Ine ndinkati mphepo yadutsa. Ndinkaluka mdzukulu wanga tsitsi, kumuperekeza ku sukulu, kumuyang'ana miyendo ikutalika, n'kumati pang'ono pang'ono tifika.

Chaka chotsatira, masamba atayamba kuphuka, mwana wanga anandiuza kuti wapeza ntchito pa chipatala cha ku Scotland, ndipo auza kale mwini nyumba kuti akutuluka.

"Koma si anagonja?"

"N'chifukwa chake, amayi. Akuti voti idzabweranso, ndipo sadzaionereranso pa kanema ali m'dziko la eni. Akuti nthawi ino akakhala konko, dzina lawo likalembedwe."

Ndiye onani. A inde akanamutenga mwana, a ayi anamutenganso. Ine ndinkaopa khomo limodzi, nyumba ili ndi makomo awiri. Ndipo wodzapempha chitengwa sanabwere. Mwana wanga wamwamuna nditamufunsa ngati alamu ake anamuitanako, anati anamuitana, inde, kuti adzathandize kunyamula fuliji.

Apo ndinadziwa kuti mnzanga wa ku Chipata ananena zoona. Kwathu kuopana kwa apongozi kumatha ndithu, koma amathetsa ndi akuluakulu, pamakhala mphatso, pamakhala chakudya. Kuno wamkulu woposa ine kunalibe. Ndinadzikhalira wamkulu ndekha. Ndinapita ku Moore Street, ndinasankha nkhuku yolimba ija yofuna moto wautali, ndinaiphika tsiku lonse. Madzulo ndinatenga mbale yanga, osapita nayo kuchipinda, n'kuiika pa tebulo moyang'anana ndi yawo. Mdzukulu wanga anasiya kutafuna.

Ndinadzutsa nkhope. Munthu uja sanali wa pa chithunzi. Anali ndi makwinya m'mbali mwa maso, ndevu zitayamba imvi, ndi chipsera pachibwano chimene sindinkachidziwa. Zaka zonsezo nyumba imodzi.

Ndinalankhula Chichewa, mwana wanga akumasulira.

"Apongozi, ine sindinakudeni ngakhale tsiku limodzi. Kwathu amene timamuthawa ndi amene timamulemekeza. Tsiku lija ndinakhala pansi chifukwa munali pa maliro. Ufulu ndimaudziwa, ndinauvinira ndili mwana, ndipo wanu ndinaufuna. Koma ndikupempha chimodzi. Mwanayu musandichotsere kutali asanakule. Ndili ndi mawu ake amene ndamusungira."

Anaika foloko pansi. Anafiira khosi lonse mpaka makutu. Anayang'ana mkazi wawo, anayang'ana ine, ndipo ananena mawu ochepa amene mwana wanga anachedwa kumasulira.

"Akuti, Mama, ndikanadziwa."

Ntchito anali atasiya kale. Nyumba inali italonjezedwa kwa ena. Sukulu ya mwana anali atapeza kale tsidya linalo, yunifolomu ili m'katoni. Anati za mapepala anga ayesa, ndipo anayesadi. Anavala jekete labwino kupita kwa odziwa malamulo, n'kubwerako mapewa ali pansi.

Masabata amene anatsala tinadyera tebulo limodzi. Ndinapeza kuti apongozi ndi munthu wa nthabwala, amatafuna mafupa ngati wa kwathu, amaimba akamatsuka mbale, mawu oipa koma mtima wonse. Ankandifunsa za tsiku la ufulu wathu, ndinene za fumbi lija, ndinene za bambo pa chitsa, ndipo ndikamanena ankagwira chibwano ngati mwana wa Sande sukulu. Anandifunsa ngati ufuluwo unatipatsa zimene tinkafuna. Ndinati ayi, njala inabwera, mantha anabwera, kunali zaka zoti pakamwa sutsegula, koma mbendera ija sindinganene kuti aibweze. Anagwedeza mutu nthawi yaitali. Zonsezi tikanakambirana kale, makatoni asanadzaze pabalaza.

Ananyamuka pa galimoto, kupita kumpoto kukakwera sitima ya pamadzi. Ndinaima pa msewu ndi thumba langa, mwana wanga wamwamuna akundidikira ndi yake galimoto. Mdzukulu wanga anali ataika chipumi pa galasi. Ndinamuuza kuti mkazi mnzanga, wathawa mpikisano, ndiwe wamantha. Anaseka, kenako kukamwa kunapindika, galimoto n'kukhota.

Chichokereni ndimakhala ku Crumlin, m'kachipinda ka kumbuyo kwa mwana wanga wamwamuna. Iye amasamala nkhalamba za eni ake, amachoka ine ndisanadzuke. Pafupi pali chipatala cha ana, ndiye ndikakhala pa zenera ndimaona agogo a anthu ena akudutsa atagwira tiana pa mkono. A ku Scotland aja amabwera pa Khirisimasi, chaka china osabwera. Nthawi iliyonse mtsikana watalika, Chingerezi chake chasanduka cha bambo ake, Chichewa chikungothothoka ngati nthenga za nkhuku yodwala. Poyamba ankamva osayankha. Kenako anayamba kuyang'ana mayi ake ndikalankhula.

Voti ija mpaka lero sinabwerenso. Kunabwera ina, ya kuchoka kwa maiko anzawo a ku Ulaya, imeneyo apongozi anaponya, ndipo anagonjanso. Akandiimbira amati Mama muli bwanji, m'Chichewa, kenako amati posachedwa, posachedwa tifunsidwanso. Mutu wonse wayera tsopano. Ine ndimati inde apongozi, mudzafunsidwa. Sindiwasungira kanthu. Munthu anafuna kwawo, ndani safuna kwawo.

Nthawi ya mliri uja, ndege zitaima, aliyense atatsekeredwa m'nyumba, foni inalira masana ndikusankha nyemba. Anali mwana wanga.

"Amayi, mwana wakula."

Ndinakankha mbale ya nyemba. Ndinafunsa kuti wakhala naye pansi ndani.

"Ndalankhula naye ine pang'ono. Komanso ku sukulu anawaphunzitsa kale."

"Mupatse foni."

Ndinamva kukokana, kunong'onezana, kenako kupuma kwake. Agogo, anatero, kamawu kamanyazi. Ndinakhala bwino pa mpando, ndinakonza chitenje ngati akundiona, n'kuyamba. Mawu aja ndinawasunga zaka zonsezo anatuluka mwa dongosolo lake, oyamba, achiwiri, osaphonya. Iye anali chete, ine ndinati akumvetsera. Ndili pakati ndinamumva akufunsa mayi ake chapansipansi, m'Chingerezi, kuti agogo akuti chiyani.

Mayi ake sanayankhe. Sakanayankha. Amenewo ndi mawu amene mayi sanena kwa mwana wake, ndipo ndine ndinamuphunzitsa zimenezo.

Ndinamuuza mdzukulu wanga kuti azidya bwino, azivala jekete, kunja kukuzizira. Zimenezo mayi ake anamasulira.